Galimoto za Hybrid pa Mseu wa ku Bua: Kodi Mwini Takisi Apindula?

Munthu amene waima pa mlatho wa Bua m'mamawa amaona moyo wonse wa boma la Nkhotakota ulikudutsa pamaso pake. Kunsi kwa mlatho madzi alikutsika kuchokera m'nkhalango ya nyama kunka ku nyanja, ndipo ndi mumtsinje womwewu m'mene mpasa zimakwera kukaswana nyengo yake ikafika. Pamwamba pa mlatho pamapita amai osenza mpunga, anyamata a kabaza, malole olemera a ku Dwangwa, ndiponso tigalimoto ta matola timene timanyamula anthu pakati pa Boma ndi Dwangwa. Tambiri mwa tigalimoto timeneti ndi ta mtundu wa Toyota Sienta. Mphunzitsi wopita kukalandira malipiro, namwino wobwerera ku nchito, mlimi wopita ndi wodwala ku chipatala, onsewa amadalira tigalimoto tomweti.

Owerenga athu ambiri nkhaniyi iri kuwakhudza pawiri. Poyamba ndiwo okwera. Kachiwiri, si achilendo kwa ife aphunzitsi ndi anchito a Boma amene amatenga ngongole ku SACCO, kapena ndalama zopumira pa nchito, nagula galimoto kuti iziyenda matola ndi kuthandiza pakhomo. Masiku ano munthu wotere akafuna kuitanitsa galimoto ku Japan amauzidwa kuti, "Gulani ya hybrid, simwa mafuta." Mauwa ali ndi choonadi chake, koma sanathe onse. Chifukwa chake taganiza kuti tiifotokoze nkhaniyi bwinobwino, kuti wogula agule alikudziwa chimene alikuchita.

Chifukwa chake nkhaniyi yabuka

Dziko lathu liribe zitsime za mafuta, ndiponso liribe doko la pa nyanja ya mchere. Petulo amene timathira ku Nkhotakota amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira ndi Nacala m'Mozambique, kapena Dar es Salaam m'Tanzania, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalama zakunjazo zikachepa, mafuta amasowa. Tonse tikumbukira mizere ya magalimoto ya m'zaka za 2011 ndi 2012, ndi inanso ya mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, pamene oyendetsa matola anagona pa malo omwetsera mafuta m'malo monyamula anthu.

Mtengo nawo sukhala malo amodzi. M'mwezi wa November 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense, bungwe la MERA linakweza petulo kufika pa K2,530 lita imodzi, ndipo mu 2025 mtengowo unakweranso kupitirira K3,000. Petulo akakwera, mtengo wa ulendo umakwera tsiku lomwelo, ndipo amene amamva kuwawa ndiye wokwera uja wa malipiro a pa mwezi.

Anthu a m'boma lino ali ndi kanthu konyadira pa nkhani ya mafuta. Chiyambire 1982, fakitale ya Ethanol Company ku Dwangwa yakhala ikutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo wa dziko lonse. Motero gawo lina la mafuta a m'thanki limachokera m'minda ya kwathu konkuno. Koma gawo lalikulu ndi lakunja ndithu, ndipo lita iriyonse imene tapulumutsa ndi ndalama yakunja imene yatsala kuti igule mankhwala kapena feteleza.

Kodi hybrid ndi chiani?

Galimoto ya hybrid iri ndi zoiyendetsa ziwiri: injini ya petulo monga ya galimoto iriyonse, ndi mota ya magetsi imene imatenga mphamvu ku batire lalikulu. Tinene msanga kuti galimoto zimene tirikunena pano, monga Toyota Aqua, Toyota Prius wamba, Honda Fit ya hybrid ndi Sienta ya hybrid, sizilumikizidwa ku magetsi a ESCOM ai. Munthu amathira petulo yekha basi, ndipo galimoto imadzaza batire lake yokha irikuyenda. Choncho kuzima kwa magetsi sikuikhudza.

Chinsinsi chake chagona pa zinthu zitatu. Choyamba, galimoto ikaima injini imazima yokha, osangolira pachabe. Chachiwiri, ponyamuka ndi poyenda pang'onopang'ono, pamene injini wamba imamwa mafuta kwambiri, mota ya magetsi ndiyo imakoka kapena kuthandiza. Chachitatu, woyendetsa akaponda mabuleki, mota ija imasanduka chopangira magetsi, ndipo mphamvu imene ikanatayika m'kutentha kwa mabuleki imabwerera m'batire. Ndi chifukwa chake mabuleki a galimoto zotere amakhalitsa.

Tsono taonani nchito ya takisi ya pa mseu wa M5. Ichoka pa siteji ya pa Boma, iima kutsitsa munthu, inyamuka, iima pa Bua kukweza thumba la mpunga, ichedwa pa dzenje, idikira ng'ombe zidutse, iimanso pa msika. Ulendo wa makilomita oposa 50 kufika ku Dwangwa umadukaduka chomwecho. Kumeneku ndiko kuyenda kumene hybrid inapangidwira. Koma pa ulendo wautali wothamanga osaima, injini ya petulo ndiyo imagwira nchito pafupifupi nthawi yonse, ndipo phindu limachepa.

Zimene anaona a maiko ena

Nzeru imeneyi si yatsopano, ndipo kuti tidziwe ngati imapirira nchito ya takisi tiyenera kuyang'ana kumene inayesedwa kale. Kampani ya Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan m'mwezi wa December 1997. M'chaka cha 2000, woyendetsa takisi wina mu mzinda wa Vancouver ku Canada anayamba kunyamula anthu pa Prius, ndipo anzake ataona kuti galimotoyo siinafooke anatsatira. Mzinda wa New York unalola matakisi a hybrid mu 2005, ndipo mu 2007 mfumu ya mzindawo, Michael Bloomberg, inalengeza kuti matakisi onse asinthidwe pofika 2012. Eni matakisi ena anakasuma, ndipo makhoti anakana kuti mzinda uwakakamize. Komabe ambiri anagula okha mwa kufuna kwao, chifukwa thumba lao linawauza kuti mafuta alikutsala. Ku Japan komweko, mu 2017, Toyota inatulutsa galimoto yopangidwira utakisi weniweni yotchedwa JPN Taxi, nayonso ya hybrid.

Phunziro lake ndi lakuti galimoto zimenezi zikhoza kugwira nchito yolemetsa ya tsiku ndi tsiku. Koma tisaiwale kuti eni matakisi a ku Vancouver ndi New York anagula galimoto zatsopano, naziyendetsa pa miseu yosalala, amisiri ophunzitsidwa ali pafupi. Ife timagula zimene a ku Japan atha nazo, zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Aqua inayamba kugulitsidwa mu December 2011. Choncho Aqua ya 2012 imene munthu angaitanitse lero iri ndi zaka zopitirira 12, ndipo kawirikawiri batire lake ndi lomwe inabadwa nalo.

Masamu a pa bolodi

Poyesa galimoto ku Japan, Aqua yoyamba inapezeka kuti imayenda makilomita 35.4 pa lita imodzi. Sienta ya hybrid, imene inatuluka mu 2015, inayesedwa makilomita 27.2 pa lita, pamene inzake ya petulo yekha ya chaka chomwecho inali pa makilomita ngati 20. Ziwerengero zimenezi ndi za m'nyumba yoyesera, popanda dzenje kapena katundu, ndipo palibe woyendetsa wa pa mseu wathu amene angazifikire. Zimangotionetsa kuti kusiyana kulipo.

Tiyeni tichite masamu ongoyerekeza, monga mphunzitsi achitira pa bolodi. Tinene kuti takisi iyenda makilomita 240 pa tsiku. Ngati ya petulo yekha iyenda makilomita 12 pa lita, idzamwa malita 20. Ngati ya hybrid iyenda makilomita 16 pa lita, idzamwa malita 15. Otsala ndi malita 5 pa tsiku, ndiye kuti malita 130 pa masiku 26 a nchito. Pa mtengo uja wa November 2023, imeneyo ndi K328,900 pa mwezi, ndipo pamene petulo wakwera ndalamayo imakula. Aliyense aike ziwerengero za galimoto yake m'malo mwa zathuzi, adzapeza yankho lake.

Palinso phindu lina losalembedwa m'masamu. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene munthu aloledwa malita owerengeka okha, galimoto yosamwa kwambiri imayenda maulendo ochuluka isanabwerere pa mzere, ndipo mwini wake sathamangira msanga mafuta a m'zigubu, amene ali okwera mtengo ndi osadziwika chimene anathiramo.

Koma akulu anati walira mvula walira matope. Ndalama yotsala pa mafuta si phindu lonse. Gawo lina liyenera kusungidwa, chifukwa tsiku lirinkudza pamene batire lalikulu lidzafooka. Batire lotere siligulidwa pa golosale, ndipo mtengo wake ukhoza kumeza zimene munthu wapulumutsa miyezi yambiri. Ku America, Toyota inkalonjeza kusamala batire la hybrid kwa zaka 8 kapena mamailosi 100,000, ndipo kuyambira pa galimoto za 2020 inaonjezera kufika zaka 10 kapena mamailosi 150,000. Mabatire ambiri amapitirira pamenepo ali bwino, koma wogula galimoto yakale adziwe kuti palibe lonjezo lotere limene limaoloka nayo nyanja.

Adani anai a batire

Mdani woyamba ndiye kutentha. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja adziwa m'mene October ndi November amaotchera. Batire la hybrid limakalamba msanga likamatentha, ndipo galimoto yoimikidwa pa dzuwa tsiku lonse mazenera ali otseka irikudzifupikitsira moyo. Pa siteji, mthunzi wa mtengo wa mango ndi chuma.

Mdani wachiwiri ndiye fumbi. Batire limaziziritsidwa ndi kafani kakang'ono kamene kamakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa kabowo kokhala pafupi ndi mpando wa kumbuyo. Takisi imene imapatukira m'miseu ya dothi yopita ku madoko a asodzi kapena ku minda ya mpunga imadzaza fumbi, ndipo kafaniko kakatsekeka batire limapsa pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Kutsuka kafaniko ndi nchito yaing'ono ndi yotsika mtengo, koma ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo.

Mdani wachitatu ndiye katundu wopitirira muyeso. Aqua inapangidwira anthu 5, woyendetsa ali momwemo. Sienta anthu 7. Tonse taona m'mene anthu amapanikizidwira m'matola, ena pa miyendo ya anzao, matumba a mpunga ndi madengu a usipa ali pamwamba. Chizolowezi chimenechi ndi cholakwira lamulo ndiponso chaphetsa anthu ambiri pa miseu yathu. Pa hybrid chiri ndi choipa china: chitenje kapena thumba likatseka kabowo ka mpweya kaja, batire limasowa popumira, ndipo kulemera kumadya mafuta omwe aja amene munthu anafuna kupulumutsa. Tikumbukirenso kuti Aqua ndi yaifupi, mimba yake iri masentimita ngati 14 okha kuchoka pansi. Ikalemedwa imakhula pa mwala uliwonse.

Mdani wachinai ndiwo madzi. Chakumapeto kwa February 2024 mvula yamphamvu inasefukiritsa mitsinje ya dera la Dwangwa, anthu zikwi zambiri anasowa pokhala, ndipo mseu wa M5 unaduka. Dzinja liri lonse pamakhala malo ena pamene madzi amayenda pamwamba pa mseu. Batire la Aqua liri pansi pa mpando wa kumbuyo, ndipo madzi akalowa m'galimoto chionongeko chake chimaposa cha galimoto wamba. Woyendetsa wanzeru amaima nadikira kuti madzi aphwe, ngakhale okwera alikung'ung'udza.

Amisiri ali kuti?

Pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Sienta yakale ya petulo inafala m'Malawi chifukwa makaniko wa pansi pa mtengo amaidziwa, ndipo zipangizo zake zimapezeka pa misika yambiri. Hybrid imafuna mmisiri wa mtundu wina. Batire la Aqua liri ndi mphamvu ya ma volt 144, la Prius ma volt opitirira 200, pamene batire wamba liri ndi 12 okha. Mawaya onyamula mphamvu imeneyi anawapaka mtundu wa lalanje kuti akhale chenjezo, ndipo munthu wowagwira mosadziwa akhoza kufa. Matenda a galimotoyi sapezeka ndi khutu. Amafuna kompyuta yolumikiza ku galimoto, imene imaonetsa chigawo cha batire chimene chafooka.

Amisiri odziwa zimenezi alikupezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu. Galimoto ikafera pa Bua, mwini wake angafunike kuinyamula ulendo wa makilomita oposa 200 kunka ku Lilongwe kudzera ku Salima. Ndiponso siikokedwa ndi chingwe monga tizolowera, chifukwa mawilo a kutsogolo akamazungulira amazungulitsa mota, ndipo zipangizo za magetsi zikhoza kuonongeka. Iyenera kukwezedwa pa lole kapena kunyamulidwa kutsogolo. Masiku onse amene galimoto iri pa galaja, ngongole ya ku SACCO siima.

Komabe hybrid iri ndi zina zimene imapeputsa. Ya Toyota iribe sitata ndi alternator zapadera monga galimoto wamba, ndipo Aqua iribe ngakhale lamba wa pa injini. Zinthu zimene zimavutitsa oyendetsa matola kawirikawiri palibepo. Chosowa chachikulu ndi chidziwitso, ndipo chidziwitso chimaphunzitsika. Dziko la Mongolia, limene liri ndi miseu yovuta ndi nyengo yoopsa, linadzaza ndi ma Prius akale a ku Japan, ndipo amisiri a kumeneko anaphunzira kutsegula mabatire ndi kusintha zigawo zofooka zokha. Chimene anaphunzira iwo, anyamata ndi atsikana a ku Nkhotakota akhoza kuphunziranso. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi sukulu za umisiri monga ya ku Salima ndi ya ku Lilongwe, ndiwo malo oyenera nchito imeneyi. Inu aphunzitsi amene mumalangiza ana otsiriza Fomu 4, auzeni kuti umakaniko wa m'tsogolo udzafuna mwana wodziwa sayansi ya magetsi, ndipo woyamba kuudziwa m'boma lino sadzasowa nchito.

Mau kwa wofuna kugula

Safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama, funsani chaka chimene galimoto inapangidwa ndi makilomita amene yayenda, podziwa kuti pali ena osakhulupirika amene amabweza nambala za makilomita m'mbuyo. Ngati galimoto iri kale m'dziko muno, pitani nayo kwa mmisiri wa kompyuta ayese batire musanagule. Werengeraninso msonkho wa MRA, umene umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Yakale kwambiri imaoneka yotsika mtengo ku Japan koma imalemera pa chipata.

Sankhani galimoto molingana ndi mseu wake. Ya matola a pakati pa Boma ndi Dwangwa ifunika mipando yokwanira ndi malo a katundu, ndipo apa Sienta ya hybrid iposa Aqua. Aqua iyenera maulendo a anthu ochepa a m'tauni, monga opita ku chipatala, ku maofesi kapena ku malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Kwa amene ulendo wake waukulu uli m'miseu ya dothi ya kumidzi, galimoto wamba yaitali miyendo ikhoza kukhalabe yabwino koposa.

Phunzitsani woyendetsa wanu. Hybrid imapindulitsa munthu wa phazi lofatsa, woyamba kuchepetsa liwiro akali patali. Wothamanga ndi kuponda mabuleki mwadzidzidzi amataya phindu lonse. Asalole petulo kutheratu m'thanki ndi kumayendera batire lokha, chifukwa batire lomwelo ndilo limadzutsa injini, ndipo likatheratu mphamvu galimoto siidzuka ngakhale muikankhe. Athire oilo wopyapyala amene buku la galimoto linena, osati aliyense wopezeka pa msika. Akumbukirenso kuti poyenda pang'onopang'ono galimotoyi siimveka. Pa msika ndi pa chipata cha sukulu ana ndi okalamba saimva ikubwera, ndipo aphunzitsi achita bwino kuwachenjeza ana za ichi.

Lembetsani galimoto monga yonyamula anthu, ikhale ndi nambala zofiira, inshuwalansi ndi chiphaso cha COF, monga lamulo la pa mseu lifunira. Ndipo batire likatha nchito, lisatayidwe ku dzala kapena m'mbali mwa mtsinje, pakuti zonse zotayidwa m'Bua zimathera m'nyanja imene timamwa ndi kuphamo nsomba. Libwezedwe kwa ogulitsa kapena kwa amisiri odziwa kulisamala.

Mutu umodzi susenza denga. Eni matakisi a pa siteji imodzi akhoza kusonkherana kugula kompyuta yoyesera imodzi, kutumiza mnyamata mmodzi kukaphunzira, ndi kusunga thumba la mabatire limene membala angabwerekeko tsoka likamgwera. Kumaiko kumene hybrid inapambana pa utakisi, kawirikawiri galimoto zinali za makampani okhala ndi galaja yaoyao. Ife tiribe makampani otere ku Nkhotakota, koma tiri ndi mabungwe a pa siteji, ndipo akhoza kugwira nchito yomweyo.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili: inde, mwini takisi wa pa mseu wa ku Bua akhoza kupindula ndi hybrid, ndipo dziko lipindula naye pamodzi pa ndalama zakunja. Koma phindulo lidzafika kwa iye yekha amene ayesa batire asanagule, anyamula anthu a muyeso, atsuka kafani, aopa madzi, ndi kupatula ndalama ya batire mwezi ndi mwezi kuyambira tsiku loyamba. Amene sangathe kusunga malangizo amenewa achita bwino kukhalabe ndi Sienta yake ya petulo kufikira amisiri a hybrid atapezeka pa Boma ndi pa Dwangwa.